Mmene mungawerengere chithunzi cha angelo atatu cha Rublev

Musanayang'ane chithunzichi, werengani Genesis 18: alendo atatu afika kwa Abrahamu ku mitengo ya thundu ya ku Mamre, iye n'kuwaphera mwana wa ng'ombe. Andrei Rublev, mmonke wa ku Russia, anajambula nkhaniyi pa thabwa, alendowo ngati angelo atatu, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, kutalika masentimita 142, m'lifupi 114.

Yambani ndi zomwe palibe. Abrahamu palibe, Sara palibe, tebulo silinadzaze zakudya monga ankajambulira anzake. Wangosiya chikho chimodzi, m'kati mwake muli mutu wa mwana wa ng'ombe. Apa mwadziwa kale kuti nkhani yasuntha kuchoka pa kuchereza alendo kupita pa nsembe ndi Utatu Woyera: angelo atatuwo akuimira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera.

Pa nkhope musatayepo nthawi, n'zofanana mwadala, ndipo onse agwira ndodo zofanana: palibe wamkulu kuposa mnzake. Chomwe chimawasiyanitsa ndi zovala ndi zimene zili kumbuyo kwawo. Buluu, mtundu wa umulungu, ali pa onse atatu. Wapakati wavala chofiira chodera, cha magazi ndi dothi, buluu n'kukhala pamwamba pake, kumbuyo kwake kuli mtengo wokumbutsa mtanda. Wakumanja ali ndi chobiriwira, moyo watsopano, ndipo pamwamba pake pali phiri. Ambiri amati mngeloyu ndi Mzimu Woyera. Wakumanzere buluu wake amangooneka pang'ono pachifuwa, wabisika m'chovala chovuta kutchula mtundu wake, monga Atate amene palibe anawaonapo. Pamwamba pake pali nyumba.

Kenako tsatirani mitu. Wapakati ndi wakumanja aweramira kwa wakumanzere. Mukatsika ndi maso m'mbali mwa angelo awiri akumbaliwo, muona kuti mpata umene ausiya pakati pawo ndi chikho china chachikulu, ndipo mngelo wapakati wakhala m'kati mwake. Kwa ife, apa ndiye pagona umboni wamphamvu woti iyeyo ndi Mwana wa Mulungu, ngakhale akatswiri ena amati wapakatiyo ndi Atate, popeza Rublev sanalembepo mayina.

Chenjerani ndi mitundu. Chithunzichi chinakutidwa ndi chitsulo chokongoletsa kwa zaka mazana, anachipakanso utoto kangapo, n'kudzachitsuka mu 1904 ndi 1918. Golide wambiri wakumbuyo anasupuka. Choncho malo otuwa musawapangire tanthauzo lauzimu, n'kutheka ndi utoto chabe umene unatha.