Kafananizidwe ka nthano imodzi m'zinenero ziwiri kuno ku Nkhotakota

Musayambe ndi mabuku ayi, yambani ndi agogo. Ajambuleni pa foni akusimba nthano ya Kalulu, kenako pezani mayi wachiyao kumsika akusimbireninso yomweyo m'Chiyao. Polemba osakonza kalikonse chonde, lembani mmene mawu atulukira mkamwa, ngakhale "tili tonse" uja mumulembe, anthu amamutaya koma ine zimandipweteka kwabasi. Kenako tengani liwu limodzilimodzi. Ife timati Kalulu, Ayao amati Sungula, Aswahili Sungura, ndiye dzifunseni ngati kufanana kwa Sungula ndi Sungura ndi chibale chakalekale cha zinenerozi kapena liwulo anabwera nalo amalonda nthawi ya Jumbe, Mswahili wamalonda amene ankalamulira kuno kale. Mukamva nsapato kapena mbatata mu nthanomo ikani chizindikiro pambali, mawu amenewo anachokera ku Chipwitikizi ndiye mwina kachigawo kameneko kanasinthidwa pambuyo pake.