Wodwala akati "ndamva", musafulumire kukhulupirira

Munthu akangouzidwa kuti ali ndi HIV, makutu amatsekeka. Inu mukufotokoza za CD4 (asilikali a m'thupi) ndi kamwedwe ka mankhwala, iye akungogwedeza mutu, maso ali pa botolo, mtima uli kunyumba: ndikamuuza bwanji mnzanga uja? Mukafunsa kuti "Mwamva?" ayankha "Inde" chifukwa cha ulemu basi. Anzanga aphungu ndi anamwino, funso limeneli tilisiye. Tizinena kuti, "Tandikumbutsani, mayi, mukafika kunyumba muzikamwa bwanji?" Akaphonya, cholakwika ndi kafotokozedwe kathu, ndipo tiyambirenso mwanjira ina.

Tsiku loyamba musamusenzetse zonse. Atenge izi: ma ARV sachiza koma amafooketsa kachilombo, m'bulu ndi umodzi tsiku lililonse pa nthawi yofanana, ndipo tsiku lobweranso ndi lakuti. Ambiri lero akumwa TLD, m'bulu wokhala ndi mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mayinawa safunika kuwaloweza. Chofunika ndi kudziwa kuti sakuyenera kudikira kudwala. Kale anthu ankauzidwa kuti ayembekezere asilikali a m'thupi atsike kaye, koma kuyambira 2015 bungwe la WHO limalangiza kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala, ndipo alipo amene akusungabe uphungu wakale uja.

Pamene timapunthwa kwambiri ndi pa zotsatira za viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi. Pakatha miyezi 6 munthu akumwa bwino, timayeza magazi, kenako timamuuza mosangalala kuti "kachilombo sikakuoneka". Ife tikutanthauza kuti tizilombo tachepa kwambiri moti makina akulephera kutiwerenga. Iye wamva kuti wachira. Wina amapita nazo kokathokoza kumapemphero, botolo n'kuliponya pansi pa bedi. Mawu amenewa musawanene okha. Onjezerani pomwepo kuti kachilomboko kabisala m'maselo ena a thupi, ndipo akasiya kumwa kamayambanso kuswana pakangotha masabata ochepa. Muuzeni kuti chimene chakachititsa kusaoneka ndi m'bulu womwewo.

Koma nkhani yabwinoyo musaibise poopa kuti aimva molakwika. Munthu amene tizilombo take tili pansi pa 200 mu mililita imodzi ya magazi, ndipo akupitiriza kumwa, sapatsira mnzake HIV pogonana. Ine ndimaona kuti uthenga umenewu umalimbitsa munthu kuposa kumuopseza ndi imfa. Mungomutsindikira malire ake: matenda ena opatsirana pogonana komanso mimba sizitetezedwa ndi ma ARV, ndipo kwa mayi woyamwitsa chiopsezo chopatsira mwana chimachepa kwambiri koma sichitheratu, choncho mwana aziyezedwa pa nthawi yake.

Zovuta za mankhwala zinenedwe asanazione. Ena amamva mutu, mseru kapena kusowa tulo masiku oyamba, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Wosowa tulo angathandizidwe posamutsira m'bulu wake m'mawa. Akaiwala kumwa, amwe akangokumbukira, koma ngati nthawi yomweranso yayandikira asaphatikize mibulu iwiri.

Funsaninso zimene akumwa kale, pakuti mwa iye yekha satchula. Mankhwala a chilungulira, mapilisi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira, ndi a calcium amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi, choncho mugwirizane naye nthawi yomwera mankhwala aliwonse. Amene akumwa mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafunika dolutegravir wowonjezera, ndipo mumufotokozere chifukwa chake, apo ayi aganiza kuti matenda akula.

Potuluka mpatseni kapepala. Ngati sawerenga, jambulani dzuwa kapena mwezi pafupi ndi nthawi yomwera, tsiku lobweranso mulembe manambala akuluakulu. Ndipo amene wasowa miyezi iwiri n'kubwerera, yambani ndi "Mwachita bwino kubwera, bambo", kenako mufunse chimene chinawagwira.