Kapangidwe ka madilowa a katundu kumbuyo kwa galimoto

Kwa amene akufuna kudzipangira madilowa kumbuyo kwa galimoto ngati Toyota Land Cruiser, ndondomeko yake ndi iyi. Choyamba yezani mpata wa pakati pa zotumphuka za matayala akumbuyo, chifukwa mpatawo ndiwo umalamula kukula kwa bokosi lomwe madilowawo adzalowemo, ndipo muyezenso kutalika chitseko chakumbuyo chili chotseka.

Dulani pulayiwudi ya mamilimita 18 ya bokosilo, pomwe ya mamilimita 12 ndi yokwanira pa madilowa enieniwo. Lumikizani ndi guluu ndi masikuluwu, osati misomali, yomwe imazuka msanga pa msewu wa mabampu. Apa mpofunika kusamala kwambiri: zitsulo wamba zomwe dilowa imatsetserekerapo potsegula ndi potseka zimafuna mpata wa mamilimita 12.7 mbali iliyonse, pomwe zonyamula katundu wolemera zambiri zimafuna 19, choncho zigulenitu musanadule matabwa, ndipo muziike mofanana msinkhu kuti dilowa isamakanirire.

Mangani bokosilo ndi mabawuti pamalo omangirira katundu omwe alipo kale. Mukafuna kuboola pansi, yambani mwasuzumira kunsi kuti musaboole thanki ya mafuta, mawaya kapena mapaipi a mabuleki. Pomaliza ikani zotsekera zolimba, ndipo jeke ikhale yofikirika.