Zoyenera Kuchita Chitseko cha Galaja Chikakana Kutseguka

Chitseko cha galaja choyendera magetsi chikakana kutseguka, anthu ambiri amangopitiriza kudina limoti, poganiza kuti mwina ulendo wachisanu chimvera. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimakulitsa vuto, chifukwa mota imene ikulimbana ndi chitseko chomangika imatentha ndipo magiya ake amadyeka. Musanagwire chida chilichonse, dziwani kuti mota si imene imanyamula chitseko. Chitseko cha galaja yolowa magalimoto awiri, makamaka chamatabwa, chimatha kulemera makilogalamu oposa 100, ndipo katundu yenseyu amasenzedwa ndi sipuling'i, imene pa zitseko zambiri imakhala yokulungidwa pa chitsulo chachitali pamwamba pa khomo, pomwe pa zina imakhala m'mbali. Mota ili ngati mnyamata woyendetsa ngolo, amene amangowongolera pamene ng'ombe ndi zimene zikukoka. Choncho ntchito yanu ndi kupeza ngati wadwala ndi mnyamatayo kapena ng'ombezo.

Dinani limoti kamodzi kokha, muli chiimire pafupi, ndipo mvetserani. Ngati kuli zii, nkhani ndi ya magetsi kapena ya limoti. Ngati mota ikulira koma chitseko sichikusuntha, kapena chikukwera pang'ono n'kuima, musadinenso.

Tiyambe ndi pamene kuli zii. Onani ngati mayunitsi sanathe mu mita, ndipo onani ngati swichi ina sinagwe m'bokosi la maswichi a nyumba, chifukwa galaja nthawi zambiri imakhala ndi swichi yakeyake, moti m'nyumba mukhoza kumayaka bwinobwino kugalaja kuli mdima. Pulagi ya mota imakhala kudenga, ndipo kunjenjemera kwa tsiku ndi tsiku kumatha kuisolola pang'onopang'ono. Kwerani pa makwerero, muizule, ndipo mulowetse tchaja ya foni mu soketiyo kuti mutsimikize ngati muli moto. Kenako yesani batani la pakhoma. Likatsegula chitseko, ndiye kuti mota ili bwino ndipo wolakwa ndi limoti. Malimoti ambiri amagwiritsa ntchito kabatire kozungulira ngati kandalama, monga CR2032 ka mavoti 3, kapena kabatire kakafupi ka 23A ka mavoti 12, ndipo nambala yake imalembedwa pa batire lakalelo. Musanyengedwe ndi kagetsi ka pa limoti, pakuti kamatha kuyaka ngakhale batire litafooka kwambiri. Chizindikiro chodalirika n'chakuti masiku apitawo limoti inkafuna kuti muyandikire pakhomo penipeni isanagwire ntchito. Mabatani ena a pakhoma ali ndi kabatani kokiyira kamene kamaletsa malimoti onse, ndipo mwana akhoza kukadina posewera. Palinso mababu ena a LED otsika mtengo amene amasokoneza uthenga wa limoti akaikidwa pa mota, choncho ngati vuto linayamba mutangosintha babu, lichotseni muyesenso.

Kumene magetsi amathimathima, kaya ndi ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg, batire la mkati mwa mota, pa mamota amene ali nalo, ndi limene limayamba kufa. Batire lotere likamatha moto wonse kawirikawiri, moyo wake umafupika, ndipo limene likanakhala zaka zitatu limatha kutopa chaka chisanathe. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mamota ena amatenga mphamvu yokokera ku batire ngakhale magetsi alipo, moti batire likafa chitseko sichiyenda, chonsecho nyale za m'galaja zikuyaka. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera, batire la mavoti 12 lodzaza bwino limasonyeza pafupifupi 12.6, ndipo limene likulephera kufika pa 12 litatchajidwa usiku wonse ndi lofunika kusintha. Batire lotupa m'mbali silifunikanso kuyeza. Pogula lina, tengani lakalelo kuti mufanizire kukula ndi manambala, ndipo ngati mota yanu ili ndi mabatire awiri, sinthani onse pamodzi.

M'nyengo ya dzinja, chiphaliwali chimatha kuotcha bolodi ya zamagetsi ya mkati mwa mota. Zulani pulagi, chotsani waya wa batire, tsegulani chivundikiro ndipo mununkhize. Fungo la kupserera ndi madontho akuda pa bolodi zikutanthauza kuti pakufunika mmisiri. Musadabwe mukapezamo buluzi wouma kapena nyerere zitamanga mudzi, chifukwa tizilombo timakonda kufunda kwa m'bokosimo ndipo timagundanitsa mawaya.

Anthu ena amataya nthawi yambiri akupukuta timaso tiwiri tamagetsi (masensa) timene timakhala m'munsi mwa khomo, pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi. Timaso timeneti tinaikidwa kuti chitseko chisatsikire mwana kapena galimoto, ndipo ku America tinayamba kupezeka pa mamota atsopano kuyambira mu 1993 potsatira lamulo. Tikadetsedwa kapena tikasemphana, timaletsa chitseko kutseka, osati kutseguka, choncho pa vuto la lero tisiyeni.

Tsopano tifike pa kuyesa kumene kumaulula zambiri. Pa njanji ya kudenga pamalendewera chingwe, kawirikawiri chofiira, chimene chimalekanitsa chitseko ndi mota. Chikokeni pokhapokha chitseko chili chotseka mpaka pansi, chifukwa ngati chili m'mwamba ndipo sipuling'i yaduka, chimagwa ndi kulemera kwake konse pa aliyense amene ali pansi pake. Mukachikoka, gwirani chogwirira ndi manja awiri, pindani mawondo, ndipo muyese kukweza. Chitseko chabwino chimakwera popanda kukuthyolani msana, ndipo mukachisiya cha m'chiuno chimaima chokha, osathawira m'mwamba kapena kugwa. Chikatero, vuto lili ku mota. Chikalemera ngati mukunyamula matumba awiri a simenti, chisiyeni pomwepo ndipo muyang'ane pamwamba pa khomo.

Sipuling'i yoduka sibisika. Pakati pake pamaoneka mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo nthambo zachitsulo za m'mbali zimakhala zolendewera. Nthawi zambiri wina m'nyumbamo amakumbukira kuti usiku anamva kuphulika ngati mfuti, n'kuganiza kuti ndi za kumsewu. Sipuling'i wamba imapangidwa kuti ipirire maulendo pafupifupi 10,000 otsegula ndi kutseka, zomwe pa banja lotsegula kanayi pa tsiku ndi zaka pafupifupi 7, ndipo dzimbiri limachepetsako zakazi. Apa ndi pamene mwini nyumba ayenera kulekezera. Sipuling'i yomangidwa imasunga mphamvu yokwanira kuthyola dzanja kapena chibwano, ndipo kuimasula ndi sikuludiraiva m'malo mwa zitsulo zake zoyenera n'kudziputira ngozi. N'chimodzimodzinso ndi mabawuti a tizitsulo ta m'makona apansi pamene nthambo zimamangidwa, ngakhale amaoneka ngati mabawuti wamba. Itanani mmisiri wa zitseko zimenezi, osati aliyense wodziwa kuwotcherera, ndipo mumutumizire chithunzi cha sipuling'iyo ndi muyezo wa chitseko kuti abwere ndi yoyenera kulemera kwake. Ngati masipuling'i ndi awiri, nkwanzeru kusintha onse, poti inzakeyo yagwira ntchito zaka zofanana.

Chitseko chikamalimba koma sipuling'i ili yonse, fufuzani chimene chikuchigwira. Choyamba ndi loko wa pamanja, amene wina angakhale atakiya usiku osauza anzake. Kenako yendetsani tochi m'njanji zonse ziwiri za m'mbali mwa chitseko, kufunafuna kamwala, kawilo kamene katuluka, kapena pamene bampala ya galimoto inagunda n'kupinda chitsulo. Chitseko chamatabwa chimatupa mvula ikachuluka ndipo chimakhula pa felemu, pamene mudzaona utoto utasupuka. Njanji zipukuteni ndi nsanza youma basi. Mafuta opopera a silikoni ndi oyenera pa mahinjesi, pa timawilo tachitsulo ndi pa sipuling'i, koma oyilo wakuda wotsala ku galimoto, amene ambiri amamukonda poti ndi waulere, amasakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala n'kusanduka phala limene limamanga timawilo kuposa kale.

Ngati chitseko chinakwera mopepuka ndi manja, bwererani ku mota. Dinani limoti chitseko chikadali cholekanitsidwa ndipo muyang'ane tcheni kapena lamba. Tcheni chikamayenda bwino, mwina wina anakoka chingwe chofiira magetsi atathima n'kuiwala kulumikizanso. Mota ikamalira koma tcheni chili duu, tsegulani chivundikiro mutazula pulagi. Tizidutswa toyera tonga gaga titamwazika mkatimo ndi mano a giya lapulasitiki amene adyeka, ndipo giya limeneli limagulitsidwa palokha, moti simukufunika mota yatsopano. Mota imene ikungong'ung'udza osazungulira kawirikawiri imakhala kuti kapasita, kachipangizo kamene kamathandiza mota kuyamba kuzungulira, yafa, ndipo popeza kapasita imasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa, imeneyi ndi ntchito ya wamagetsi. Mota yotentha chifukwa chodinidwa kambirimbiri imadzizimitsa yokha, ndipo imadzuka ikapuma kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Musathamangire kuwonjezera mphamvu yokokera pa mabatani a mota, chifukwa chitseko chowonjezeredwa mphamvu sichibwerera msanga chikagunda munthu.

Polumikizanso, tsitsani chitseko mpaka pansi, bwezerani kachitsulo ka chingwe chofiira m'malo mwake monga buku la mota yanu likunenera, ndipo dinani limoti mpaka mumve kuti khethe. Ngati galaja yanu ilibe khomo lina lolowera, pemphani mmisiri akuikireni loko wa kunja wolumikizidwa ku chingwe chofiiracho, ndipo kiyi wake muzimusunga m'nyumba, osati m'galimoto imene imagona m'galajamo.