Mapemphero a pabanja ndi tiana tating'ono, mmene timachitira kwathu

Ife ana athu timawaphunzitsira pakhomo konkuno ku Luwinga, wamkulu ali ndi zaka 6 wamng'ono 3, ndiye anzanga amakonda kundifunsa kuti mapemphero mumapanga bwanji ndi tiana tosakhazikika chonchi.

Choyamba musatalikitse, mphindi 10 zakwana. Ife timachita mmawa akangomaliza phala tisanatsegule makope, chifukwa usiku amakhala atatopa kale ndipo magetsi akathima ndiye basi zathera pomwepo. Juni ndi Julaye ku Mzuzu kuno kumazizira koopsa, timangofunda bulangete limodzi tonse pamphasa, mbaula ikhale patali ndithu.

Yambani ndi kolasi yomwe akuidziwa, aziwomba mmanja, wina aziimba chigubu. Kenako nkhani imodzi yokha, monga ya Zakeyu pa Luka 19, koma musangowerenga mBuku Lopatulika mawu ndi mawu ayi, Chichewa chake nchakale mwana sangachimve bwino, werengani vesi limodzi kenako muifotokoze ngati nthano, muwafunse kuti adakwera mumtengo chifukwa chani. Wamng'ono wathuyu amakwera pampando nkumati iye ndi Zakeyu, timangomusiya. Agogo awo akabwera amaibwerezanso mChitumbuka, eeh anawo amasangalala bwanji.

Vesi loloweza likhale limodzi sabata yonse, lalifupi ngati Masalmo 23:1, mulilembe papepala nkumata pachitseko.

Popemphera mwana aliyense atchule chinthu chimodzi chothokozera Mulungu, olo atati nkhuku kapena mandasi musamuseke. Foni muisiye kuchipinda, ineyo ndi imene imandisokoneza kuposa anawo.