Mmene mungatsatire sizoni ya speedway ya SGB Championship osasochera

Ulendo wanga woyamba ku Ashfield Stadium ku Glasgow ndinachita kukokedwa ndi mnzanga wa kuntchito, ine ndimvekere za njinga zamoto ndazionera kwathu pa kabaza zinandikwana, koma nditafika ndinapeza kuti izi ndi zina. Vuto linali loti sindinkamva kanthu. Anthu akukuwa ine osadziwa kuti akukuwira chani, amene wapambana mpikisano anthu osamuombera mmanja koma kumaombera amene wamaliza wachiwiri. Zinanditengera miyezi ingapo kuti ndiyambe kuona zimene anzangawo amaona, nde ndati ndikulembereni kuti inu musavutike ngati ine, kaya muli kuno ku UK kaya mukufuna kuonera pa intaneti muli kumudzi.

Choyamba dziwani kaye chimene mukuonera. Njinga ya speedway ili ndi injini ya 500cc, giya imodzi basi, ndipo ilibe mabuleki, inde ilibiretu. Siyendera petulo, imayendera methanol. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, pansi ndi dothi losakaniza ndi timiyala tophwanya, ndipo amangokhotera kumanzere. Poti buleki palibe, akafika pa kona munthu amaipendeketsa njinga, tayala lakumbuyo nkumatsetsereka chammbali likumwaza dothi, phazi lamanzere lili pansi atavala nsapato yachitsulo. Mpikisano umodzi, umene amautcha heat, umakhala wa anthu 4, kuzungulira ka 4, ndipo umatha mu mphindi imodzi kapena kuposera pang'ono. Mukatembenuka kukagula tchipisi mupeza zatha.

Ligi imene ndikunenayi ndi yachiwiri ku Britain. Pamwamba pali SGB Premiership, kenako SGB Championship, pansi pali ligi ya achinyamata ophunzira. Dzina loti Championship linayamba mu 2017, kale kuyambira 1997 mpaka 2016 inkatchedwa Premier League, zimene zimasokoneza anthu ampira chifukwa kwa ife Premier ndi pamwamba. Sizoni imayamba chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo nkutha cha mu Okutobala.

Sankhani timu. Apa musachite zoti ine ndingokonda masewerowo, ayi, speedway yopanda timu imatopetsa msanga. Mu 2024 matimu analipo 9: Berwick Bandits, Edinburgh Monarchs, Glasgow Tigers, Oxford Cheetahs, Plymouth Gladiators, Poole Pirates, Redcar Bears, Scunthorpe Scorpions ndi Workington Comets. Ngati muli ku UK sankhani imene mungafikeko mutaweruka ku shifiti, chifukwa timu iliyonse ili ndi tsiku lake lothamangira pakhomo, Glasgow ndi Edinburgh amakonda Lachisanu, Poole ndi Oxford Lachitatu, Berwick Loweruka. Koma samalani, Edinburgh Monarchs sathamangira mu Edinburgh, ali ku Armadale ku West Lothian, pakati pa Edinburgh ndi Glasgow, musakazungulire mtauni nkumafunsa anthu. Ngati mumakonda matimu opambana tengani Poole, anatsika okha kuchoka mu ligi yapamwamba nkudzatenga Championship mu 2021, 2022 ndi 2024. Ine ndine wa Glasgow nde Poole ndimaiona ngati mnansi wolemera uja amene simungamunene poyera koma mumtima mukudziwa. Mu 2023 tinawagonjetsa mu fainolo, ligi yoyamba kutenga chichokereni 2011, usiku umenewo mawu anandithera.

Mukafika pageti gulani pulogalamu ndipo mutenge bolopeni. Ichi ndiye chinthu chachikulu pa zonse ndikuuzani lero. Muona agogo atanyamula kabolodi kolembera, ena tokongoletsa ndi mitundu ya timu yawo, akulemba heat iliyonse ikatha, poyamba ndinkawaseka koma opanda nzeru ndinali ine. Mu pulogalamu muli ma heat onse 15, maina a othamanga, ndi mipata yolembamo mapoyinti. Wopambana amatenga 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza chimanjamanja. Timu iliyonse imaika anthu awiri pa heat, a pakhomo amavala zipewa zofiira ndi zabuluu, alendo zoyera ndi zachikasu, nde ngakhale simukudziwa dzina la munthu mudziwa mbali yake poona mutu.

Tsono masamu ake ndi amene amakoma. Heat iliyonse ili ndi mapoyinti 6. Wanu akapambana koma mnzake nkumaliza kumapeto, ndi 3-3, simunapindule kalikonse. Woyamba ndi wachitatu ndi 4-2. Woyamba ndi wachiwiri ndi 5-1, apa ndi pamene bwalo lonse limaphulika. Ndiye chifukwa chake anthu aja ankaombera mmanja wachiwiri uja. Ma heat 15 onse akatha bwinobwino mapoyinti amakwana 90, timu yofika 46 yapambana. Langizo langa ndi loti maso anu asamathamangire amene ali kutsogolo, iyeyo nthawi zambiri akatsogola pa kona yachiwiri wapita basi. Onani kumbuyo kumene anthu akulimbirana poyinti imodzi. Onaninso wothamanga wamkulu akamacheuka kuyang'ana mnzake, amachepetsa dala liwiro nkutseka njira kuti mnzake wa timu asapitiriridwe, mmodzi kugwira mkati wina kunja. Zimenezi amazitcha team riding ndipo kwa ine palibe chokongola kuposa pamenepo. Wachiwiri amene wamaliza kumbuyo kwa mnzake amalembedwa ndi kanyenyezi ka bonasi, sikawerengedwa pa zigoli za timu koma kamasonyeza kuti sanagonje kwa mdani.

Timu imakhala ndi anthu 7 ndipo manambala awo ali ndi tanthauzo. Nambala 1 ndi katswiri wa timu, 6 ndi 7 ndi ma reserve, otsika pa onse. Aliyense amalembedwa kuthamanga ka 4 mu ma heat 14 oyamba, heat 15 manijala amasankha yekha awiri amene akuwotcha tsiku limenelo. Heat 2 ndi ya ma reserve okhaokha, heat 13 ndi pamene akuluakulu amakumana. Musanyoze heat 2. Reserve amaloledwa kulowa mmalo mwa mnzake aliyense mpaka kuthamanga ka 7, nde timu imene ili ndi reserve amene wadzuka bwino imatha kuba mpikisano wonse. Kambiri ndaona ife tili ndi nambala 1 wabwino kuposa wawo koma tikugonja chifukwa kamnyamata kawo ka nambala 7 kakutolera mapoyinti ngati mtedza.

Apa mpamene nkhani ya average imalowera, pepani masamu enanso pang'ono. Mapoyinti a munthu amagawidwa ndi maulendo amene wathamanga nkuchulukitsa ndi 4, wopambana ponseponse angakhale ndi 12.00. Pomanga timu sizoni isanayambe, ma average a anthu 7 aja akaphatikizidwa sayenera kudutsa malire amene akuluakulu a ligi aika, zaka zapitazi amakhala cha pa 40. Nde sungangogula akatswiri okhaokha ngakhale uli ndi ndalama. Luso la manijala ndi kupeza munthu wa average yotsika amene akukwera. Sizoni ikamayenda ma average amasintha ndipo manambala amasinthanso, amene anali nambala 4 akhoza kutsikira ku reserve, ndipo nthawi zina kutsikako ndi phindu kwa timu chifukwa tsopano akhoza kuthamanga kambiri. Muzionako mndandanda watsopano ukatuluka.

Poyambira pali tepi imene imakwera mmwamba referee akadina batani. Mageti ndi 4, geti 1 mkati geti 4 kunja kufupi ndi mpanda, timu ina imatenga 1 ndi 3 ina 2 ndi 4 mosinthana. Muzilemba geti imene ikupambana, pofika heat 6 mudzakhala mutaona kale kuti lero geti yakuti ndi manda. Muona anyamata akukumba dothi ndi chidendene asanayambe, akukonza kanjira koti tayala ligwire. Wokhudza tepi isanakwere amalangidwa, kuchotsedwa kapena kuyambira kumbuyo mamita 15. Kulinso belu la mphindi 2, ukachedwa kufika pa tepi watuluka. Wina akagwa magetsi ofiira amayaka, onse amaima, kenako referee amayatsa getsi la mtundu wa chipewa cha amene wamupeza wolakwa. Pamenepo kuwani ndithu ngati wa mpira, ndi chikhalidwe chake.

Pali zinthu ziwiri zimene zimazunguza mutu wa mlendo aliyense. Choyamba ndi guest. Wothamanga wanu akavulala, timu imabwereka munthu wa timu ina mu ligi yomweyo wa average yofanana, nde munthu amene munkamunyoza sabata yatha lero wavala malaya anu ndipo mukumuimbira. Njira ina ndi rider replacement, mu pulogalamu amalemba R/R, maulendo a wovulalayo amagawana anzake. Chachiwiri ndi choti othamanga ambiri ali ndi matimu awiri, ina mu Championship ina mu Premiership imene imathamanga Lolemba ndi Lachinayi, ena amakafikanso ku Poland, Sweden kapena Denmark sabata yomweyo. Kwa munthu wokulira pa mpira zimaoneka ngati uhule wa timu, koma anyamatawa amalipidwa malinga ndi mapoyinti, njinga ndi zawo, makaniko amalipira okha, veni ndi mafuta ndi zawo, nde osathamanga kambiri sadya. Ubwino wake ndi woti mu ligi yachiwiri mumaona anthu ngati Chris Harris, amene anapambana British Grand Prix ku Cardiff mu 2007 ndipo anali mu timu ya Glasgow ya 2023 ija. Bambo ameneyu akaphonya pa geti ndi pamene muyenera kuimirira, sadziwa kugonja.

Timu ikatsalira ndi mapoyinti 6 manijala amaloledwa kulowetsa katswiri wake mmalo mwa wofooka kamodzi, amati tactical substitute. Mukakhala ndi pulogalamu mmanja mumayamba kulosera nokha kuti amuika pa heat iti, ndipo mkangano wa pa sitandi umayambira pamenepo.

Za mapoyinti a pa tebulo la ligi, malamulo amasinthasintha nthawi yozizira iliyonse, nde werengani kumayambiriro kwa sizoni. Chimene sichisintha ndi choti kupambana koyenda ndi kovuta zedi. Mabwalo safanana, la Plymouth ndi laling'ono lothina, la Berwick ndi lalikulu lothamanga lozungulira bwalo la mpira la Berwick Rangers, la Armadale lili ndi makona amene alendo ambiri amawada. Timu ikagonja 48-42 koyenda musakhumudwe, yachita bwino. Ndipo kukhala pamwamba pa tebulo sikupereka chikho, matimu apamwamba amalowa ma play-off cha mu Seputembala, kukumana kawiri kwanu ndi kwathu nkuphatikiza zigoli. Pambali pa ligi palinso Knockout Cup ndi mipikisano ina ya tsiku limodzi, musasokoneze.

Mvula. Abale anga mvula ndi mdani wa masewerowa, ndipo kuno ndi ku Britain. Dothi likanyowa kwambiri sathamanga. Ine ndinakwerapo sitima maola awiri kupita kubwalo lina, kufika pageti nkupeza alengeza kale kuti zalephereka, ndinabwerera ndi masangweji anga mchikwama. Onani tsamba la timu pa Facebook musananyamuke, onaninso muli mnjira. Ikayamba kugwa mpikisano uli mkati, akadutsa heat 10 zotsatira zimaima choncho, nde mitambo ikada muona onse akufulumira. Sungani tiketi yanu, imathandiza akaimitsa msanga. Valani jekete ngakhale mu Julayi, ndipo musaime pafupi ndi mpanda pa kona mutavala zoyera, dothi lija limauluka ndipo limapweteka. Ana muwatengere zotseka mmakutu. Fungo la methanol ndi oyilo likakulowani kamodzi mudzalifuna sabata iliyonse.

Amene muli kumudzi, mipikisano ya Championship imaonetsedwa pa intaneti kudzera pa British Speedway Network, BSN, yolipira, ndipo matimu ena ali ndi sitirimu yawoyawo. Nthawi ya sizoni Malawi ndi Zambia zimakhala patsogolo ndi ola limodzi, nde zoyamba 7:30 madzulo kuno kwanu ndi 8:30. Bandulo ikhale yokwana maola awiri. Jambulani tebulo lanu la ma heat 15 pa pepala muzilemba ngati muli pabwalo.

Pomaliza sizoni musaiwale kuyang'ana ngati timu yanu idzakhalepo chaka chamawa, sindikuseka. Workington inatenga ligi ndi zikho ziwiri mu 2018 koma sinathamange mu 2019, inadzabwerera mu Championship mu 2024 pabwalo latsopano la Northside. Eastbourne inasiya sizoni ili mkati mu 2021, Newcastle chimodzimodzi mu 2022. Oxford nayo inakhala chitsekere kuyambira 2007 mpaka 2022. Nde nthawi yozizira muzitsatira nkhani za msonkhano wa eni matimu, ndi pamene amalengeza amene alowa, amene atuluka ndi malire atsopano a ma average, kenako matimu amayamba kutulutsa maina mmodzimmodzi. Ine ndimakhala ndi kakalikuleta pafoni kuwerengera kuti kwatsala mapoyinti angati a anthu awiri omaliza.