A inshulansi akuti galimoto yanu ndi write-off koma ndalama yachepa? Musasayine kaye

Mlamu wanga anagundidwa chakumbuyo pa msewu wa M1 pafupi ndi Kanengo. Iye anatuluka bwinobwino, khosi lokha likuwawa, koma Toyota Axio yake inakwinyika mpaka mpando wakumbuyo unakagunda wa dalaivala. Patatha masabata atatu a inshulansi anaimba foni: galimoto siyingakonzedwe, ndi write-off, bwerani mudzasayine. Atamva ndalama yomwe ankafuna kumupatsa anangoti kakasi, chifukwa sakanagula nayo ngakhale Vitz yotopa.

Anthu ambiri amasayina pomwepo, poganiza kuti kampani ikanena yanena. Sichoncho ayi. Mtengo woyambawo ndi maganizo a kampani, ndipo mukhoza kuukana. Koma kukana kwa pakamwa, kokalipira mtsikana wa pa kauntala, sikuphula kanthu. Mapepala ndiwo amayankhula.

Choyamba, musasayine discharge form. Kalata imeneyi imanena kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha. Mukangoikapo dzina, kubwereranso kumavuta kwambiri. Blue book ndi makiyi musaperekenso mpaka mutagwirizana. Auzeni mwaulemu kuti mukufuna mtengowo aulembe m'kalata, ndipo akupatseninso lipoti la assessor, munthu amene anakayendera galimoto n'kuyiika mtengo.

Mukafika kunyumba tulutsani pangano lanu la inshulansi, lija munaponya m'kabati tsiku lomwe munamata chikwangwani pa galasi. Fufuzani pomwe palembedwa sum insured, ndalama yomwe munalembetsa ngati mtengo wa galimoto yanu. Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Pa inshulansi ya comprehensive, yomwe imateteza ndi galimoto yanu yomwe, kampani imalipira mtengo womwe galimoto ikanagulidwa pa msika tsiku la ngozi, koma siidutsa ndalama yomwe munalembetsa. Tiyerekeze kuti munalembetsa K8 miliyoni zaka zingapo zapitazo ndipo chaka ndi chaka mwakhala mukungolipira osasintha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya magalimoto n'kuuluka. Galimoto yanu lero ikhoza kukhala ya K18 miliyoni, koma denga lanu ndi K8 miliyoni yomwe ija. Ngati akupatsani pafupifupi ndalama yonse yomwe munalembetsa, kunena zoona palibe mlandu wopambana apa. Koma ngati akudulani kufika pansi kwambiri pa dengalo ponena kuti galimoto inakalamba, ndiye pali poyambira.

Onaninso excess, gawo lomwe mwini galimoto amadzilipirira yekha. Limeneli amachotsa ndithu, ndipo linalembedwa m'pangano. Chofunika n'kuona ngati achotsa molondola.

Tsopano werengani lipoti la assessor mzere ndi mzere, cholembera chili m'manja. Chaka chomwe galimoto inapangidwa alemba cholondola? Nanga kukula kwa injini, makilomita omwe yayenda, ndi mtundu wake weniweni? Magalimoto a dzina limodzi amasiyana mtengo: ina ndi hybrid, ina ayi. M'lipoti la mlamu wanga analemba chaka cholakwika, anabweza m'mbuyo ndi zaka ziwiri, ndipo matayala anayi atsopano omwe anagula mwezi womwewo sanawatchule n'komwe. Mwamwayi malisiti anali m'kabokosi ka kutsogolo, atanyowa pang'ono ndi mvula ya ku yadi komwe anakokera galimotoyo, koma ankawerengeka.

Ntchito yaikulu ndi yosonkhanitsa umboni wa mtengo, ndipo pamafunika kuyenda wapansi. Pitani kwa ogulitsa magalimoto atatu kapena anayi mu Lilongwe muno, omwe ali ndi malo odziwika ndi chidindo, akulembereni mtengo wa galimoto yofanana ndi yanu: chaka chomwecho, injini yomweyo, makilomita oyandikana. Za dobadoba wokuuzani mtengo ali chiimire pansi pa mtengo sizingakuthandizeni ku ofesi. Zotsatsa za pa Facebook ndi pa WhatsApp zijambuleni tsiku likuoneka, ngakhale a inshulansi adzanena, mwina moona, kuti mtengo wotsatsira si womwe anthu amagulira. Ndipo samalani ndi ichi: wina akakuonetsani mtengo wa pa webusaiti ya ku Japan, mukumbutseni kuti galimotoyo siyifika yokha ku Area 25. Pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, woyendetsa mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA, ndi kulembetsa ku Road Traffic. Mtengo wa pa msika ndi wa galimoto yomwe ili kale pa msewu wa ku Malawi.

Onjezanipo buku la sevisi, malisiti a ku galaja, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) yomwe inali isanathe, lipoti la apolisi ndi zithunzi za galimoto ngozi isanachitike. Ngati kusiyana kwa mitengo kuli kwa mamiliyoni, lembani ntchito assessor wanu woyima payekha. Mudzamulipira nokha, ndiye werengerani kaye ngati phindu lake likuposa.

Kenako lembani kalata kwa mkulu woona za ma claim. Ikhale yaifupi: nambala ya claim, mtengo womwe apereka, zolakwika zomwe mwapeza, mtengo womwe mukufuna, ndi tsiku lomwe mukuyembekezera yankho. Kaperekeni pamanja, adinde kope lanu. Ngati inshulansi munadulira kwa broker, mkhalapakati wa inu ndi kampani, muuzeni athamange nanu, pajatu amadya komishoni pa ndalama zanu.

Funsaninso za chigoba. Kampani ikakulipirani zonse, chotsalacho chimakhala chake. Koma mukhoza kupempha kuti chikhale chanu, iwo achotse mtengo wake pa ndalama zanu. Ngati injini ndi giyabokosi zili bwino, amakaniko a ku Biwi amazifuna. Ngati galimoto munagula pa ngongole ya ku banki, dziwani kuti banki ndiyo imayamba kutenga zake.

Akakana kapena akangokhala chete, pitani ku Reserve Bank of Malawi ku City Centre. Gavanala wa bankiyi ndiyenso Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani a inshulansi pansi pa Financial Services Act ya 2010, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku kampani, n'chifukwa chake kope lodindidwa lija lili lofunika. Khoti lilipo, koma musanapite kwa loya onani ngati pangano lanu likuti mkangano wa ndalama uyambe wapita kwa arbitrator, munthu woweruza mkangano kunja kwa khoti, komanso nthawi yomwe anaika yochitira zimenezo.

Amene muli ndi third party yokha, inshulansi yolipira anthu ena okha amene mwawaonongera, kampani yanu silipira galimoto yanu. Mumakatenga ku kampani ya amene anakugundani, ndipo kumeneko kuli malire a ndalama yolipirira katundu wowonongeka. Yotsalayo mumakalimbana ndi mwini galimoto inayo.

Mlamu wanga anayenda miyezi iwiri ndi envelopu ya khaki m'khwapa, akukwera minibasi kupita ku ntchito. A inshulansi chaka chija anachikonza, matayala anawawerengera, mtengo unakwera ngakhale sunafike pomwe mlamuyo ankafuna. Chigoba anachitenga, ndipo injini yake pano ikuyenda m'galimoto ya munthu wina ku Kawale.